MAKOMPYUTA AKALE A M'SUKULU: KODI AMAPITA KUTI?

Nkhani yokambidwa pa wailesi m'Cinyanja

Lero ndifuna kukamba nanu za makompyuta amene masukulu aleka kugwiritsa nchito: kumene amapita, malamulo amene amawaperekeza pa ulendo wao, ndiponso bvuto limene anthu okonda kusunga makina akale amapeza pofuna kupulumutsako amodzi. Citsanzo canga ndidzacitenga ku dziko la Britain, pakuti kumeneko makompyuta analowa m'sukulu msanga, ndipo zimene ife tiri kuyamba kuona tsopano iwo anaziona kale.

Poyamba ndikufunseni funso. Acikulire a kuno akumbukira wailesi ija yochedwa Saucepan Special, yobulungira ngati poto, imene kampani ya Ever Ready inapanga, niyamba kugulitsidwa m'dziko lino m'caka ca 1949 pa mtengo wa mapaundi 5. Mawailesi amenewo anafala m'makomboni ndi m'midzi momwe. Nanga lero ndi angati mwa inu angatisonyeze imodzi? Cinthu cosowa anthu amacisunga ndi ulemu. Koma cinthu cimene ciri ponse-ponse palibe amaganiza zocisunga, popeza ali yense ayesa kuti mnzace ali naco. Tsiku limene tidzacikumbuka tipeza cinatha kale. Umo ndimo ikhalira nkhani ya makompyuta a m'sukulu.

KOMPYUTA YA KADZIDZI

M'caka ca 1981 akulu a BBC, bungwe lija loulutsa mau ku London, anali kukonza maphunziro a pa wailesi ya kanema ofotokozera anthu wamba za makompyuta. Kuti maphunzirowo amveke panafunika mtundu umodzi wa makina umene onse adzaphunzirirapo. Cotero anapangana ndi kampani yaing'ono ya ku Cambridge, dzina lace Acorn Computers, kuti iwapangire. Pakati pa amisiri amene anagwira nchitoyi panali Sophie Wilson ndi Steve Furber. Kompyutayo inatuluka m'mwezi wa December 1981, nichedwa BBC Micro. Pamaso pace panali kacithunzi ka kadzidzi, mbalame imene kwathu kuno timaiopa ikalira pa denga, koma kwa Azungu iri cizindikiro ca nzeru.

Inali bokosi lophwatalala, loyererako, la mabatani akuda olembera onga a taipi, ndi mzera umodzi wa mabatani ofiira pamwamba pace. Galasi loonerapo linali lapadera, lolemera ngati wailesi ya kanema ya masiku aja. Mtundu umene unachuka koposa, wochedwa Model B, unagulitsidwa mapaundi 399, ndipo m'mutu mwace munkalowa malembo ngati 32,000 okha pa nthawi imodzi. Ndiko kunena kuti nkhani imene ndiri kukamba nanuyi ikadadzaza theka la mutu wace. Munthu akaizima, inkaiwala zonse. Cifukwa cace zimene anafuna kusunga anazijambula pa tepi ya kaseti, kapena pa tizimbale tofewa tokhala m'thumba lakuda. Inu okonda wailesi mudzakondwa kumva kuti m'caka ca 1984 BBC inkaulutsa malangizo a makompyuta pa wailesi ya mau: womvera anamva phokoso longa la nyenje, nalijambula pa kaseti, nalilowetsa m'kompyuta yace, ndipo iyo inalimvetsa.

Boma la Britain linathandiza kwambiri. M'caka ca 1981 linalonjeza kulipira theka la mtengo wa kompyuta imodzi pa sukulu ya sekondale iri yonse, ndipo m'caka cotsatira linateronso ndi masukulu a pulaimale. Posapita zaka zambiri masukulu ngati 8 mwa 10 ali onse anali nayo BBC Micro. Tikawerenga pamodzi ndi mitundu yobadwa mwa iyo, monga BBC Master ya 1986, anagulitsidwa makina oposa 1,500,000, kufikira analeka kuwapanga m'caka ca 1994. Mbadwo wathunthu wa ana unayamba kugwira kompyuta pa makina amenewa.

ZAKA ZA M'CIPINDA CA KATUNDU

Tsono moyo wa makina uli ndi nyengo zitatu. Ali atsopano ali yense awasirira. Atatha zaka 30 kapena 40 anthu ayambanso kuwasirira, nati, taonani cimene makolo athu anaphunzirirapo. Koma pakati pa nyengo ziwirizi pali nyengo yaitali imene makinawo ali okalamba kwa mphunzitsi, koma sanafike pokhala cikumbutso. Pa nyengo imeneyi alibe mtengo, alibenso wowalankhulira, ndipo ndi pomwe ambiri amathera.

BBC Micro inalowa m'nyengo yotereyi m'zaka za m'ma 1990. Maofesi ndi masitolo anali atatenga makompyuta oyendera Windows, ndipo makolo anafuna kuti ana ao aphunzire pa makina amene adzawapeza ku nchito. Kampani ya Acorn nayonso inaleka kupanga makompyuta m'caka ca 1998. Makina a kadzidzi anayamba akankhidwa kumbuyo kwa kalasi, pambuyo pace naikidwa m'cipinda ca katundu pamodzi ndi mipando yothyoka, nakhala momwemo kudya pfumbi. Tsiku limene sukulu inafuna cipindaco, kapena inasamukira m'nyumba yatsopano, onse anaponyedwa m'cibini cacikulu ca zinyalala, natengedwa kunka kudzala.

Komabe masiku amenewo khomo linali lotsegukako. Mphunzitsi kapena mlonda wa pa sukulu akaona makina ali pa mulu, anatha kupempha, nanyamula amodzi kupita nao kwao, ndipo ena a makina amene atsala lero anapulumuka mwa njira yomweyi. Masiku ano kompyuta yocoka pa sukulu iyenera kupyola zipata zitatu, ndipo pa cipata ciri conse wosunga zakale amatsala kunja.

ZIPATA ZITATU

Cipata coyamba ndi ca umwini. Kompyuta ya pa sukulu inagulidwa ndi ndalama za anthu onse, ndipo inalembedwa m'buku la katundu ndi nambala yace. Mphunzitsi wamkulu sangaipereke kwa munthu cifukwa cabe wapempha mwaulemu. Akatero mawa adzafunsidwa ndi oyang'anira cuma, ndipo ena adzati anagawira mbale wace. Cotero cinthu cisanacoke ciyenera kufafanizidwa m'buku mwa cilolezo ca akulu oyang'anira sukulu. Makompyuta ena a masiku ano si a sukulu n'komwe: ngobwereka kwa kampani kwa zaka zowerengeka, ndipo nthawi ikakwana amabwerera kwa eni ace. Ku America zigawo zambiri za masukulu zimagulitsa katundu wotsala pa msika wopikisana mitengo, umene ambiri auchula okushoni. Koma kawiri-kawiri amagulitsa mulu wonse pamodzi, ndipo wofuna kompyuta imodzi ayenera kugula mulu, kubwera ndi lole, ndi kupikisana ndi amalonda a zitsulo zakutha.

Cipata caciwiri ndi ca zinsinsi. M'makompyuta a masiku ano muli cimbale ca m'kati cimene siciiwala ngakhale magetsi atazima. M'menemo mukhoza kukhala maina a ana, kumene akhala, zotsatira za mayeso, matenda ao, ndi mabvuto a m'mabanja mwao. Kufafaniza kwa masiku onse sikucotsa zimenezi kweni-kweni, ndipo munthu wodziwa akhoza kuzibweza. Ku Britain lamulo lochinjiriza nkhani za anthu linakhazikitsidwa m'caka ca 1984, nalikonzanso m'zaka za 1998 ndi 2018, ndipo sukulu imene itaya zinsinsi za ana ikhoza kulipitsidwa. Cifukwa cace masukulu amafuna kampani imene idzapukuta cimbaleco ndi makina apadera, kapena kuciphwanya, nipereka cikalata ca umboni.

Apa pali codabwitsa. BBC Micro iribe cimbale ca m'kati. Ikazima iribe cinsinsi ca munthu ali yense. Koma lamulo la pa sukulu limangonena kuti makompyuta onse akutha apite ku kampani, ndipo kalaliki wobadwa makinawo atasiya kale kupangidwa sadziwa kusiyanitsa. Tsache limasesa mbeu pamodzi ndi mankhusu.

Cipata cacitatu ndi ca ululu. M'galasi la makompyuta akale muli mtobvu wambiri, ndipo m'zolumikizira za m'kati mwace mulinso mtobvu. Ife a m'Zambia sitifunika kuuzidwa za kuopsa kwa mtobvu, pakuti tidziwa zimene dothi la ku Kabwe lacita m'magazi a ana, ngakhale mgodi unatsekedwa m'caka ca 1994. Kuyambira m'caka ca 2007 Britain iri ndi malamulo apadera a zinyalala za magetsi, otsata pangano la maiko a ku Europe. Sukulu iyenera kupereka zinyalala zotere kwa munthu wokhala ndi laisensi, ndi kusunga cikalata cosonyeza kumene zinapita. Palinso mantha ena: makina a zaka 40 akaperekedwa kwa munthu, nakapsa m'nyumba mwace, mlandu udzakhala wa yani?

Potero njira yapafupi ndi imodzi. Sukulu iitana kampani, lole ibwera, anyamata awerenga katundu, nanyamula zonse tsiku limodzi. Ku kampaniko amasankha. Makompyuta amene akali atsopanoko amawapukuta, nawakonza, nawagulitsa. Okalamba amawagumula, kapena kuwaponya m'makina operapera, kuti apatule citsulo, mkuwa, ndi kagolidi kakang'ono ka m'zolumikizira. Pa sikelo ya kampani kompyuta ya mbiri ndi kompyuta wamba zilemera cimodzi-modzi.

Tisamuyese woipa mphunzitsi wamkulu. Nchito yace ndi kuphunzitsa ana ndi kuwachinjiriza, ndipo zipata zitatuzi zinamangidwa pa zifukwa zabwino. Koma omanga zipatazo sanasiye kakhomo ka zinthu za mbiri.

MABVUTO A WOSUNGA ZAKALE

Tiyeni tsopano tione mbali ya munthu wosunga makina akale. Anthu otere alipo ambiri ku Britain ndi ku maiko ena. Ena ndi amisiri opuma pa nchito, ena ndi ana aja a sukulu a m'zaka za m'ma 1980 amene tsopano ali ndi imvi.

Bvuto lace loyamba ndi lakuti mbiri siimfika. Sukulu siilengeza kuti mawa tidzasesa cipinda ca katundu, ndipo iye amamva lole itapita kale. Madzi akatayika saoleka. Ngakhale atamva nthawi ikalipo, iye ali mlendo pa cipata ca sukulu, wopanda laisensi, wosatha kupereka cikalata ca umboni. Yankho losabvuta kwa kalaliki ndi lakuti iai.

Bvuto laciwiri ndi lakuti cimene apeza n'cosakwanira. Bokosi liripo, koma zingwe zace palibe, makina owerengera tizimbale palibe, mabuku a malangizo anatenthedwa kale. Zinthu za pepala ndi tizimbale ndizo zimayamba kutayidwa, koma ndizo zosowa koposa, cifukwa maphunziro ambiri a pa makinawa analembedwa ndi aphunzitsi eni ace kapena ndi timakampani tating'ono, ndipo anajambulidwa ocepa. Kompyuta yopanda zimenezi iri ngati galamafoni yopanda zimbale.

Bvuto lacitatu ndi nthawi, imene imadya makina ngakhale ali cikhalire. M'mbali yolandirira magetsi ya BBC Micro muli tizipangizo tating'ono tochedwa capacitor, timene tikakalamba timang'aluka. Munthu akayatsa makina atakhala zaka zambiri, timaphulika ndi utsi ndi pfungo loipa. Odziwa amayamba atisintha asanayatse. M'makina a BBC Master ndi ena otsatira muli batire losunga nthawi. Likaiwalika m'kati limadontha madzi oipa amene amadya timizera ta mkuwa, ndipo makina amafa ali m'kabati. Tizimbale tofewa timacita cuku m'malo a cinyezi, ndi kutaya zolembedwa. Ndiponso masukulu ambiri, poopa akuba, anaocha dzina la sukulu pa bokosi ndi citsulo camoto monga ticitira ndi ng'ombe. Ena ayesa cipseraco ciononga maonekedwe. Ena acikonda, cifukwa cinena kumene makinawo anagwira nchito.

Kunena zoona, BBC Micro yeni-yeni ikali kupezeka, pakuti yambiri inagulidwanso ndi mabanja, nigona m'madenga a nyumba kufikira lero. Zimene zinasowa ndithu ndi zija zinali za m'sukulu mokha. Citsanzo ndi kompyuta yochedwa 380Z, bokosi lakuda lolemera la kampani ya Research Machines ya ku Oxford, imene inayamba kupangidwa m'caka ca 1977. Mtengo wace unali waukulu, ndipo mabanja sanaigule kweni-kweni. Cotero masukulu ataitaya panalibe kwina kumene ikadabisala. N'cimodzi-modzinso ndi zipangizo za Econet, zimene zinkalumikiza makompyuta a m'kalasi limodzi kuti azilankhulana. Ndipo zikasowa mtengo umakwera, kufikira amalonda ena amagumula makina amoyo kuti agulitse ziwalo zace cimodzi-cimodzi pa intaneti.

PHUNZIRO LA DOMESDAY

Kapena wina ali kufunsa kuti, nanga tibvutikirenji ndi mabokosi akutha? Mverani nkhani iyi.

M'caka ca 1086 mfumu William ya ku England inatuma anthu kukalemba minda, midzi ndi cuma ca dziko lace. Zonse zinalembedwa ndi inki pa zikopa, m'buku lochedwa Domesday. Pokumbukira kuti papita zaka 900, a BBC anaganiza zolemba Domesday yatsopano, yoti ituluke m'caka ca 1986. Anagawa mapu a dziko m'tizigawo ta makilomita 4 m'litali ndi 3 m'lifupi, ndipo ana a masukulu oposa 9,000 anayenda m'midzi ndi m'matauni mwao, nalemba za moyo wa anthu, za nchito, za masewera ndi zakudya, natumizanso zithunzi. Onse amene anathandiza anapitirira 1,000,000. Zonsezi zinaikidwa pa zimbale ziwiri zonyezimira, zazikulu ngati za galamafoni, zowerengedwa ndi kuwala.

Koma zimbalezo zinafuna makina ace-ace: BBC Master yoonjezeredwa zipangizo, ndi coimbira capadera ca kampani ya Philips. Zonse pamodzi zinagulitsidwa pafupi-fupi mapaundi 5,000, ndipo ogula anali ocepa, makamaka masukulu ndi nyumba zowerengeramo mabuku. Makinawo atakalamba anatayidwa monga anzao. Pofika caka ca 2002, patangopita zaka 16, anthu anadzidzimuka poona kuti makina otha kuwerenga zimbalezo atsala owerengeka, pamene buku la zikopa la 1086 likali kuwerengeka bwino-bwino ku nyumba yosungiramo zolembedwa za boma ku Kew. Akatswiri a ku mayunivesite a Leeds ndi Michigan anagwira nchito yaikulu yophunzitsa kompyuta yatsopano kudziyesa yakale, kuti zolembedwazo zionekenso. Ndipo m'caka ca 2011 BBC inaika zolemba za ana aja pa intaneti. Nchito yotere siikadatheka pakadapanda kutsala zimbale ndi makina ena amoyo oyerekezerapo. Amene anasunga mabokosi akutha ndiwo anasunga mau a ana.

Palinso cifukwa cina. Amisiri aja awiri, Wilson ndi Furber, atatha BBC Micro analingalira kaubongo katsopano ka kompyuta kochedwa ARM, kamene kanayamba kugwira nchito m'caka ca 1985 katalumikizidwa ku BBC Micro. Zidzukulu za kaubongo kameneka ndizo ziri m'mafoni a m'thumba pafupi-fupi onse a pa dziko lapansi. Foni imene muli nayo m'dzanja ku Cipata, ku Katete kapena ku Matero, gogo wace ndi bokosi lija la kadzidzi. Mwana wofuna kumvetsa m'mene kompyuta iganizira amaona msanga pa makina akale, pakuti ziwalo zace n'zocepa ndi zoonekera. N'cifukwa cace ku National Museum of Computing, ku Bletchley Park, anakonza kalasi la makompyuta a BBC Micro amoyo, kumene ana a sukulu amakhala pansi ndi kulemba malangizo ao oyamba. Nyumba ina yotere iri ku Cambridge, yochedwa Centre for Computing History. Koma nyumba zimenezi malo ao ali ndi malire, ndipo zimadalira anthu odzipereka kukonza makina akaonongeka.

NANGA IFE KUNO?

Nkhaniyi itikhudza ifenso, pakuti ena a makompyuta ocoka m'masukulu ndi m'maofesi a ku Britain amathera m'makalasi athu. Mabungwe acifundo, monga Computer Aid International ya ku London, akhala akulandira makina otere, kuwapukuta, kuwakonza, ndi kuwatumiza ku maiko a mu Africa, ndi Zambia yemwe. Iwo amafuna makina amene akali ndi mphamvu yophunzitsira. A zaka 40 sawalandira, ndipo acita bwino, cifukwa mwana wa ku Lundazi afunika cipangizo ca lero. Koma makina obwera atagwira kale nchito zaka zingapo sakhalitsa, ndipo akafa amafera m'manja mwathu. Alowe munthu m'zipinda za katundu za masukulu athu, adzapeza kuti nyengo ija ya pakati yatifika kale.

Mulu wa zinyalala zotere uli kukula pa dziko lonse. Mabungwe a United Nations anawerenga kuti m'caka ca 2022 anthu anataya matani 62 miliyoni a zinthu za magetsi, ndipo zimene zinasonkhanitsidwa ndi kukonzedwa m'njira yoyenera sizinafike gawo limodzi mwa magawo 4. Ndiponso pa 14 October 2025 kampani ya Microsoft inathetsa cisamaliro ca masiku onse ca Windows 10, ndipo makompyuta ambiri amene sangathe kunyamula Windows 11 ayamba ulendo wa ku cipinda ca katundu. Pofuna kuti maiko olemera asasandutse maiko osauka dzala lao, maiko anapangana pangano ku Basel m'caka ca 1989, ndipo a mu Africa anapangana lao ku Bamako m'caka ca 1991. Kwathu kuno woyang'anira zinyalala zoopsa ndi bungwe la ZEMA, ndipo kuyambira m'caka ca 2021 nafenso tiri ndi lamulo lochinjiriza nkhani za anthu. Zipata zitatu zija ziri kumangidwa pa ife tomwe.

ZOYENERA KUCITA

Kwa inu aphunzitsi akulu ndi makomiti a masukulu ndinena izi. Makompyuta akutha musawatenthe pofuna mkuwa, pakuti utsi wace ndi ululu. Musawakwirire pafupi ndi citsime, ndipo musalole ana kuswa magalasi ace. Funsani a ZEMA kapena a ofesi ya maphunziro za njira yoyenera. Cotsani cimbale ca m'kati makina asanacoke pa sukulu, kuti zinsinsi za ana zitsale m'manja mwanu. Cimbaleco cikacoka, bokosi lotsalalo liribe mlandu wa cinsinsi.

Koma lole isanabwere, imani pang'ono m'cipindamo, nimufunse kuti, kodi mwa izi muli kompyuta yoyamba ya sukulu yathu? Ngati irimo, ipatuleni. Isungeni yathunthu, pamodzi ndi zingwe, mabuku ndi zimbale zace, pa malo ouma, mutacotsa batire la m'kati. Lembani pa pepala caka cimene inabwera, kumene inacokera, ndi mphunzitsi amene anayamba kuphunzitsirapo, nimumate pepalalo pa bokosi. Lembaninso m'buku la katundu kuti yasungidwa ngati cikumbutso, kuti wodzalowa m'malo mwanu asadzaiyese cinyalala. Ngati malo mulibe, funsani a nyumba zosungiramo zakale, monga ya ku Livingstone kapena ya ku Lusaka, kapena a sukulu ya umisiri yapafupi. Ku Livingstone komweko kuli nyumba yosungiramo injini za sitima zakale, ndipo injini zimenezo ziripo lero cifukwa ena anakana kuti zidulidwe pa nthawi imene zinali zitsulo cabe.

Kwa inu okonda kusunga zakale, njira ndi kufika msanga ndi kufika poyera. Musadikire pa dzala. Lembani kalata kwa mphunzitsi wamkulu nthawi ikalipo, nimunene cimene mufuna ndi cifukwa cace. Lolani kuti cimbale ca m'kati citsale. Sainani pepala losonyeza kuti mwalandira katunduyo ndi kuti mlandu wace uli pa inu. Mukagwirizana angapo ndi kukhala kabungwe kodziwika, mau anu adzamveka koposa a munthu mmodzi.

Palibe anena kuti masukulu asunge makina onse. Ambiri ayenera kupita, kuti mkuwa ndi citsulo cace zigwirenso nchito. Copempha n'cacing'ono: pa makina 100 opita, amodzi atsale athunthu, ndi mbiri yace yolembedwa. Mwana amene lero ali kugogoda mabatani kwa nthawi yoyamba m'kalasi la kumudzi adzakhala gogo tsiku lina, ndipo mdzukulu wace adzamfunsa kuti makinawo anali otani. Zidzakhala bwino ngati adzatha kumgwira dzanja ndi kukamsonyeza.